Galimoto yanu yoyamba inali yanji?

Wakujoni: Abale ndinapita ku chionetsero cha magalimoto cha Cars in the Park ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, magalimoto akale ali mbwee, koma nditaona Datsun 120Y misozi inalengeza mmaso poti ndi yomwe ndinayambira ndili mnyamata. Inu munayamba ndi iti?

Nachisale: Ine Beetle achimwene, injini kumbuyo, yopanda rediyeta imangozizira ndi mphepo basi. Ndimaisowa mpaka lero.

Mdala wa ku Dedza: Peugeot 504 pikapu. Msewu wafumbi wamabampu inkangodutsa chimanga chili tho kumbuyo, odwala akumudzi kwathu tinkathamangira nawo kuchipatala pa yomweyo, kabuleta ikatsekeka makaniko wapansi pa mtengo ankaikonza tsiku lomwelo.

Wakujoni: Zoona bambo. Alipo akudziwa komwe ndingapeze 120Y olo yakufa? Ndikufuna ndiidzutse.