Ma laputopu a ku CDSS kwathu: tiitanitse kaye kapena tiyambe ndi aphunzitsi?

Wapampando: Moni nonse abale ndi alongo, akumudzi ndi akunja omwe. Nkhani ija ya thumba lothandizira sukulu yathu ya sekondale (CDSS) tiyikambe pano pa gulu, chifukwa pa msonkhano wa Lamlungu ambiri munali kuntchito. aMsungichuma atiuze kaye zimene zilipo, kenako aJere afotokoze ganizo lawo. Chonde mavidiyo a ndale ndi maulaliki tiyambe tawasunga mpaka nkhaniyi ithe. Uthenga wa maliro wokha ndiwo uloledwa.

Msungichuma: Zikomo aWapampando. M'thumba la sukulu muli K4,350,000. Alipo 11 amene sanapereke ya chaka chino, maina sinditchula lero koma akudzidziwa.

aJere (Leicester): Zikomo. Kuntchito kwathu akusintha makompyuta, ndipo ma laputopu akale 20 andiuza kuti nditha kutenga ulere. Ndawayatsa ndekha limodzi limodzi, onse akugwira ntchito. Pulagi yake ndi ya mano atatu ija timagwiritsa ntchito ku Malawi, palibe chosintha. Chofunika ndi ndalama yotumizira ndi ya pakasitomu basi. Ana athu aku Ntcheu akumaliza Fomu 4 asanakhudzeko kompyuta, akafika ku koleji akuchita manyazi pamaso pa anzawo a m'tauni. Ine ndinayamba kugwira mbewa ya kompyuta ndili ndi zaka 24, ndipo ndikuudziwa ululu wake. Mwayi uwu tisautaye, andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wamawa.

Nangozo (Joni): Ine ndavomera kale. Zaulere sitikana achimwene. Tumizani.

aMaseko, mphunzitsi wopuma: Ana anga, ndiloleni ndilankhule monga munthu amene wadya choko zaka 34. aJere mwachita bwino kukumbukira kwanu, ambiri akapita kunja amaiwala. Koma ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsako, bungwe lina linabweretsa makompyuta 10. Kunali mwambo, mafumu anabwera, ana anavina ngoma, tinajambulitsa. Alendo atangokwera galimoto, ahedi anatseka chipindacho n'kuika kiyi m'thumba, ati ana angaononge. Kunena zoona, ahediwo ankaopa, chifukwa iwo eni sankadziwa poyatsira, ndipo sankafuna kuti mwana wa Fomu 2 awaone akufufuza batani. Ifenso aphunzitsi tinali chimodzimodzi. Patapita zaka ziwiri ndinalowamo kukatenga tsache. Makompyuta anali ofundidwa zitenje ngati odwala malungo, mavu atamanga zisa kuseri kwake, mbewa zenizeni zitadya nthambo. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anaphunzirapo kanthu. Ndiye funso langa ndi ili: pa CDSS yathu ndani adzayatse ma laputopuwo Lolemba m'mawa, ndipo adzaphunzitsa nawo chiyani? Tisagule mbereko mwana asanabadwe.

aJere (Leicester): Aphunzitsi, ulemu wanu, munandiphunzitsa Sitandade 7 ndipo chikoti chanu ndimachikumbukirabe. Koma nthawi ija si ino. Lero mphunzitsi aliyense ali ndi foni ya WhatsApp.

aMaseko, mphunzitsi wopuma: Kutumiza chithunzi cha ukwati pa WhatsApp ndi kuphunzitsa ana 80 ndi kompyuta si ntchito imodzi mwana wanga.

Mayi Nachisale, a PTA: Ine ndili kumudzi konkuno ndiye ndinene za magetsi. Mapolo a ESCOM anafika pa tiledingi, koma ku sukulu nthambo sizinalowe. Ahedi amakatchajitsa foni kwa wometa tsitsi pa msika. Ma laputopu 20 adzatchajidwa kuti? Komanso zenera la ku ofesi lilibe zitsulo, chaka chatha akuba anatenga mpaka belu.

Madamu a Biology: Moni makolo anga. Ndine mmodzi wa aphunzitsi a pa CDSS, ahedi andilola kuti ndilankhule. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhepo, chifukwa nkhani ikukambidwayi ndi ya ife. Pa sukulu tilipo aphunzitsi 9. Amene tingathe kulemba mayeso pa kompyuta popanda wotithandiza tilipo awiri. Ena anaphunzira uphunzitsi wa pulayimale n'kukwezedwa kubwera ku sekondale, monga zilili m'ma CDSS ambiri, ndipo kompyuta sanaigwirepo. Si kuti ndi aulesi ayi, mwayi sunawapeze.

Ndikuuzeni zimene ndinachita temu yatha. Mutu wa kayendedwe ka magazi m'thupi ndakhala ndikuuphunzitsa zaka 6 pojambula mtima pa bolodi. Ndimatha theka la piriyodi ndikujambula, ana n'kukopera mtima wooneka ngati papaya, pa mayeso n'kusokoneza mitsempha yolowetsa magazi ndi yotulutsa. Ulendo uno ndili ku boma ndinatsitsa kavidiyo ka mphindi zitatu koonetsa mtima ukugunda, timakomo take tikutseguka ndi kutseka. Ndinagawa kalasi m'magulu 8, foni yanga ikuyenda gulu ndi gulu, ine ndikuyimitsa kavidiyoko pakati n'kumafunsa kuti magazi apita kuti tsopano. Mtsikana wina amene chaka chonse sanakwezepo dzanja anafuula kuti, “Madamu, ndiye kuti sabwerera m'mbuyo chifukwa chitseko chatseka!” Ndinatuluka m'kalasimo ndili ndi chimwemwe, ngakhale piriyodi inatha magulu awiri asanaone, batire litatha.

Ndiye mukandifunsa ine, chimene ndikusowa kwambiri si ma laputopu 20. Ndikusowa pulojekita imodzi kuti ana onse aone nthawi imodzi, sola yoti iziyendetsa, ndi munthu woti atikhalire pansi ife aphunzitsi n'kutiphunzitsa. Osati kutayipa kokha, koma mmene ungalowetsere kavidiyo mu lesoni pulani, poyimitsa, funso lofunsa, ndi chochita magetsi akathima pakati pa phunziro. Mphunzitsi wosaphunzitsidwa akapatsidwa pulojekita amangoika filimu ana n'kumaonera ngati ali ku vidiyo sho, iye ali panja.

Nangozo (Joni): Eee Madamu mwandikhudza. Ine mtima wa papaya uja ndi umene ndinalakwa nawo MSCE.

Chisale wamng'ono (Lilongwe): Ndiwonjezere pa mawu a Madamu, poti ntchito yanga ndi ya makompyuta. Malume aJere, ma laputopu amene kampani ikutaya nthawi zambiri amakhala a zaka 5 kapena kuposa, ndipo chimene chimayamba kufa ndi batire. Kumeneko simungaone vuto chifukwa magetsi sathima. Kuno batire yakufa ndiye kuti laputopu yafa. Muyese kuwachotsa pa magetsi muone ngati akutha ola limodzi. Chachiwiri, za intaneti tisawerengere, bandulo ya mwezi ndi mwezi gulu lino silingakwanitse, ndipo netiweki ya ku sukulu kuja mumaidziwa, mpaka ukwere pa chulu. Koma pali njira. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kolibri imene imagwira ntchito popanda intaneti. Umatsitsa maphunziro ndi mavidiyo kamodzi kuno ku tauni, n'kuwaika mu laputopu, basi. Wikipedia nayonso imatheka kuikidwa yonse kudzera pa Kiwix. Zimenezi ndingachite ndekha osalipiritsa. Vuto lake mavidiyo ambiri ndi a Chingerezi chothamanga cha ku America, ndipo sanakonzedwe motsata silabasi ya MANEB. Pafunika mphunzitsi woti asankhe kuti aka n'kogwirizana ndi Fomu 3, aka ayi. Tabwereranso pa aphunzitsi pomwe paja.

aNgozo (Blantyre): Koma abale, kuphunzitsa aphunzitsi si ntchito ya boma? Ife tikhala bwanji tikulipira zimene unduna umayenera kuchita? Ku pulayimale boma linayambitsa BEFIT mu 2023, ana a Sitandade 1 mpaka 4 akuphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti. Tidikire, ku sekondale zifikanso. Ndalamazi timangire zimbudzi za atsikana monga ndinanenera chaka chatha.

aMaseko, mphunzitsi wopuma: aNgozo mwatchula BEFIT, ndiye muyang'ane bwino mmene akuchitira. Sakungotula matabuleti n'kuthawa. Amaika sola, amaika kabati yotsekera ndi kutchajira, ndipo aphunzitsi amayamba aphunzitsidwa. Za m'matabuletimo zili m'Chichewa, anakonza ndi a bungwe la onebillion, ndipo zinayesedwa zaka zambiri pansi pa bungwe la VSO boma lisanazitenge. Mdzukulu wanga ali Sitandade 2 ku Dedza, amavala zam'makutu zija n'kumatchula ma silabo yekha. Ngakhale Tikwere ya pa wailesi ya MBC, imene inayamba mu 2008, inkayenda bwino m'kalasi imene mphunzitsi ankadziwa chochita wailesi ikati “aphunzitsi, imitsani ana”. Kumene mphunzitsi sanaphunzitsidwe, wailesi inkangolankhula yokha ana akumenyana kumbuyo. Ndinaziona zonsezi. Chipangizo chimasintha, koma woyendetsa kalasi ndi yemwe uja.

Za kudikira boma, ana amene ali Fomu 1 lero adzakhala atakwatira.

aNgozo (Blantyre): Chabwino, koma ndinene chimene ena mukuopa kunena. Maphunziro a aphunzitsi ku Malawi kuno ndi ma alawansi. Mukangoti wekishopu, anthu afunsa kuti tsiku ndi zingati, chakudya chili kuti, thiransipoti bwanji. K4 miliyoni ithera m'ma fanta ndi mpunga wa nkhuku. Ndipo amene mwamuphunzitsa bwinoyo chaka chamawa apempha transifa kupita ku tauni, luso lake n'kupita nalo. Laputopu siipempha transifa.

Madamu a Biology: Bambo Ngozo, za transifa simukunama, inenso ndikapeza mwayi wa sukulu ya magetsi sindinganame kuti ndingakane. N'chifukwa chake ndikuti tiphunzitsidwe tonse 9, osati awiri okha, ndipo zichitikire pa sukulu pomwepa, m'kalasi mwathu, ndi ana athu, osati ku loji ku boma. Za alawansi ndafunsa anzanga mu stafu rumu lero. Tilipo 7 amene tavomera kubwera Loweruka lililonse temu yonse popanda ndalama, bola pakhale nkhomaliro. Awiri akuti aganize kaye. Si zachilendo kwa ife, a sayansi ndi masamu timapita kale ku maphunziro a SMASSE, ndipo TALULAR tinaphunzira, yogwiritsa ntchito zimene zilipo. Ine mapapo ndimaphunzitsa ndi botolo la pulasitiki ndi mabaluni. Pulojekita sidzachotsa botololo, idzangothandiza pamene botolo silingafike.

Mukumbukirenso 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ana a m'tauni ena ankalandira manotsi pa foni. Athu kuno anakhala miyezi yonse ija osaona mphunzitsi, atsikana angapo sanabwererenso. Ife aphunzitsi tinalibe luso ngakhale lojambula phunziro pa foni n'kutumiza kwa makolo amene ali ndi WhatsApp.

Nangozo (Joni): Nkhomaliro ya Loweruka ndilipira ine, ndizitumiza pa Mukuru. Isachoke m'thumba. Koma ikhale nsima ya nyemba, aNgozo asadandaule za nkhuku.

aJere (Leicester): Ndamva zonse. Chisale, ndayesa atatu usiku uno monga unanenera. Imodzi yatha maola awiri, ina mphindi 40, yachitatu yazima nditangozula pulagi. Unanena zoona mphwanga. Komabe mtima wanga sukulola kuti onse 20 apite kotaya pamene kwathu kulibe ndi imodzi yomwe. Bwanji ndisankhe 6 abwino kwambiri? Amenewa safuna kontena, ndikubwera pa Khirisimasi, ena ndinyamula ine ena anyamula Nachisale wa ku Luton. Ndalama yotumizira ija ipite ku sola ndi pulojekita.

Chisale wamng'ono (Lilongwe): 6 ndi abwino poyambira, aphunzitsi azigawana pophunzira. Koma pa kugula sola tisachedwe. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama imene tinasonkhera malata inangokwana theka. Mawa ndizungulira m'mashopu atatu ndibweretse mitengo ya mapanelo, batire ndi inivetala. Pulojekita tigule ya LED, imadya magetsi pang'ono. Madamu, m'kalasi mwanu mumalowa dzuwa kwambiri? Pangafunike makatani, apo ayi chithunzi sichioneka.

Madamu a Biology: Mawindo a mbali ya kum'mawa alibe magalasi n'komwe. Tidzapachika mabulangete.

Mayi Nachisale, a PTA: Zitsulo za pa zenera ndi chitseko ndikakamba ndi makolo Lachisanu, zimenezo tichite ife akumudzi, tisangoyang'ana akunja. Kuwotcherera alipo mnyamata pa tiledingi. Koma kiyi asakhale ndi munthu mmodzi, zija anena aMaseko zisachitikenso. Komanso mafumu auzidwe zisanafike, mukudziwa mmene zimakhalira akamva kwa ena.

aNgozo (Blantyre): Ine sindinasinthe maganizo, zimbudzi ndi zofunika kuposa pulojekita, ndipo ndipempha kuti zilembedwe mu maminitsi kuti ndinakana. Funso limodzi lokha: wophunzitsa aphunzitsiwo ndani? Chisale amadziwa makompyuta koma sanaimepo kutsogolo kwa kalasi.

Chisale wamng'ono (Lilongwe): Apo ndiye mwandigwira bambo. Ine ndingaonetse kuyatsa, kusunga mafayilo ndi kulumikiza pulojekita. Za kaphunzitsidwe si zanga.

aMaseko, mphunzitsi wopuma: Pali mwana wa kwathu konkuno amene anaphunzira ku Domasi, pano akuphunzitsa Computer Studies pa sekondale ina ku Balaka. Mayi ake timapemphera limodzi. Ndimuyimbira madzulo ano ndimve ngati angamabwere kawiri pa mwezi, ife n'kumamulipirira minibasi. Koma aWapampando, ahedi alembe kalata ku ofesi ya maphunziro ya divishoni tisanayambe, tingadzaoneke ngati tikuyendetsa sukulu ya boma patokha.

Wapampando: Zikomo nonse. Tivota Lamlungu 8 koloko madzulo nthawi ya ku Malawi, pa mfundo ziwiri: sola, pulojekita ndi maphunziro a aphunzitsi, kapena zimbudzi za aNgozo. Chisale, mitengo ifike pano pasanafike Lachisanu. aMaseko mutiuze yankho la ku Balaka. Amene simunapereke ya chaka chino simuvota.

Msungichuma: Atatu atumiza kale pa Airtel Money chilengezereni zimenezi. Atsala 8.