Thandizeni nzeru: mng'ono wanga wavulala pa njinga ku Tanzania, tikamutenge kapena athandizidwe konko?

Abale anga pa gulu lino, ndili ku Salima kuno ndipo mtima suli m'malo. Mng'ono wanga ndi anzake amakonda maulendo ataliatali a njinga zakapalasa. Ananyamuka kuno kudzera msewu wa M5, Nkhotakota, Nkhata Bay, Mzuzu, Karonga mpaka kuwoloka pa Songwe. Dzulo akubwerera, potsetsereka paja kuchokera ku Tukuyu, galimoto inamupanikiza ndipo iye anagwera m'ngalande. Msongolo wathyoka. Pa chithunzi chomwe anditumizira, bandeji yanyowa magazi ndipo akuti fupa linatulukira pang'ono. Chisoti chakumutu chinang'aluka pakati.

Ali pa chipatala china chaching'ono, ndipo amuuza kuti apite ku chipatala chachikulu ku Mbeya. Inshulansi alibe, Chiswahili sachidziwa, ndalama zatsala zochepa. Amayi akuti tibwereke galimoto tikamutenge akachirire kwawo. Ine maganizo amenewo akundiopsa, ulendowo ndi wautali kwambiri kwa munthu wa bala lotere. Amene mukudziwa, tichite chiyani?

Namwino wa ku Nkhotakota: Pepani achimwene. Musamunyamule kaye. Fupa likaboola khungu, choopsa kwambiri ndi tizilombo tolowa m'fupamo. Akufunika jakisoni wa maantibayotiki mwamsanga, katemera wa kafumbata, ndipo balalo likatsukidwe ku fiyeta. Zimenezi sizidikira kuti afike ku Salima. Za mutuzo musazipeputse. Anzakewo aonetsetse: akayamba kusanza, kusinza kwambiri, kusokonezeka kapena mutu ukamapweteka mowonjezereka, auze dokotala nthawi yomweyo. Zala za kuphazi zikazizira kapena kuchita dzanzi, chimodzimodzi. Apite ku Mbeya lero.

Dalaivala wa matiraki: Msewu umenewo ndimaudziwa, kuchoka pa boda kufika Mbeya ndi makilomita oposa 100, ndiye iye ali pafupi kale. Poti pakhudzidwa galimoto, mnzake apite kupolisi akatenge fomu yotchedwa PF3, yomwe dokotala amalembapo za kuvulala kwa munthu. Pasipoti isachoke m'manja mwawo. Womasulira sasowa, anthu a ku Karonga ochita geni amapezeka ambiri mbali imeneyo.

Mayi wa ku Senga Bay: Ine ndikumva chisoni ndi amayi anuwo, mwana akadwalira kutali tulo sitibwera. Koma auzeni mofatsa kuti kumutenga lero n'kumuwonjezera ululu. Akatsukidwa bala n'kumangidwa bwino, ndiye mukambe zobwera naye.

Membala wina: Imbaninso ku ofesi ya kazembe wathu ku Dar es Salaam adziwe kuti kuli Mmalawi wavulala. Musayembekeze kuti alipira bilu, koma pa za mapepala angakuunikireni. Potuluka atenge ekisirei, kalata ya dokotala yonena zomwe amuchita ndi mankhwala omwe walandira, ndi malisiti onse. Akafika ku Mzuzu Central kapena Kamuzu Central madokotala a mafupa adzayambira pamenepo.

Wofunsa: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Amayi ndawawerengera zomwe alemba anamwino ndipo avomera. Ambulansi yapezeka, ananyamuka masana ano ndipo mnzake mmodzi ali naye. Kafumbata anamubaya kale, sakusanza, akulankhula bwinobwino. Ine ndinyamuka mawa m'mawa. Chatsala ndi ichi: ndalama zolipirira usiku uno ndiwatumizire bwanji kuti azilandire m'mashilingi? Amene munatumizako ku Tanzania posachedwapa, ndiuzeni njira yomwe inakuyenderani.