Za marozi anga aja akuda masamba, ndabweranso

Mukukumbuka ndinafunsa mu Janyuwale kuti bwanji marozi anga kuno ku Ulónguè masamba ake akuchita madontho akuda kenako achikasu nkuyoyoka? Zikomo nonse amene munayankha. Ndi matenda a fangasi, black spot, ndipo amafala ndi madzi, mvula ikamenya tsamba lodwala madzi aja amadumphira pa lina, nde ndi mvula yathu ya ku Angónia plus ine kuthirira pamwamba madzulo ndi regadoli (chitini chothirira) ndinkangowathandiza matendawo osadziwa.

Ndinatola masamba onse ogwa nkuwotcha, osaponya pa manyowa ayi, ndinadulira nthambi zothinana kuti mphepo izidutsa, pano ndimathirira patsinde mmawa basi. Achimwene anandigawirako Dithane yemwe amapopera kachewere ndi tomato, ndimapopera sabata iliyonse mvula ikapitirira. Tsamba lodwala kale silichira koma atsopano akutuluka oyera, mtima wakhala pansi.

Mitengo iwiri yokha ya marozi ofiira ndazula, inali ya malemu mayi ndipo zandiwawa kwambiri, koma imangodwalabe nkupatsira inzake. Ndikufuna mtundu wa Knock Out womwe umapirira matendawa, amene angaupeze ku Tete kapena ku Dedza andiuze chonde ndidzatenge ngakhale kanthambi kamodzi.