Kodi ukalamba wamba ndi kufooka kwa agogo timasiyanitsa bwanji?

Wosamalira odwala m'makomo, Chiputula

Anzanga a zaumoyo, ndithandizeni. Agogo akayamba kuwonda ndi kuyenda modzikoka, achibale amangoti "ndi ukalamba basi." Komatu pali agogo a zaka 80 amene akulimabe kudimba, pomwe ena a zaka 68 chimfine chokha chimawagoneka mwezi wathunthu. Kuchipatala mumayang'ana chiyani kuti munene kuti awa afooka? Nanga ife opanda zipangizo tingayeze bwanji?

Namwino, Katoto

Zaka zokha sizitiuza zambiri, amayi. Thupi lili ngati nkhokwe: wina chimanga chikadalimo, wina zatsala zitsononkho zokha, ndiye kanjala kochepa kamugwetsa. Kufooka kumene timanena ndi kutha kwa mphamvu yosungira imeneyo.

Dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake analongosola zizindikiro zisanu mu 2001: kuwonda mosafuna ndi makilogalamu 4.5 kapena kuposa m'chaka chimodzi, kutopa nthawi zonse, dzanja kulephera kufinya mwamphamvu, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kungokhala osagwira kanthu. Zitatu zikapezeka, munthuyo wafooka. Chimodzi kapena ziwiri ndiye kuti ali m'njira, ndipo apa m'pamene thandizo limagwira bwino. Ngati palibe sikelo, onani m'buku lawo la kuchipatala kulemera kwa chaka chatha, kapena funsani ngati lamba anabooledwa bowo latsopano.

Wa mafizo, Luwinga

Foni yokhala ndi wotchi ndi mpando wolimba n'zokwanira. Agogo apinde manja pachifuwa, aimirire ndi kukhala kasanu osagwirira. Buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lotchedwa ICOPE limati azimaliza mkati mwa masekondi 14. Kenako yezani mamita 4 pabwalo losalala, ayende monga amayendera masiku onse. Akapitirira masekondi 5, mayendedwe achepa. Muime pambali pawo, mpando mwautsamiritsa kukhoma.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri timawafooketsa ndi chikondi. "Agogo khalani, tikupatsirani." Minofu ya okalamba imasungunuka msanga akagonera pamphasa, ndipo sabata imodzi yogona imatenga masabata ambiri kuti aibweze. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu kumawonjezera, poti amangokhala m'bulangeti kapena pambaula. Aziimirira pampando kakhumi, kawiri kapena katatu patsiku, asese pakhonde, atonole chimanga. Nthawi ya mvula dothi lathu lofiira limaterera, makamaka kotsetsereka ngati ku Masasa: thirani mchenga kapena timiyala panjira ya kuchimbudzi, muzike mtengo wogwirira pafupi ndi dzenje poti kudzuka atanjuta n'kumene kumavuta, ndipo mapatapata otha alekeni. Ndodo italike kufika pamfundo ya dzanja ataimirira manja ali pansi.

Kiliniko ofesala, Zolozolo

Zonsezi n'zoona, koma musathamangire mafizo musanafufuze chimene chikudya thupi. Wokalamba wowonda ayezedwe TB, HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Ambiri amaiwala kuti agogo nawonso amatha kukhala ndi kachirombo. Yang'ananinso m'kamwa: mano ogwedera kapena zilonda zimachititsa munthu kumangomwa phala lopanda kanthu.

Pa chakudya, munthu wa makilogalamu 50 amafunika magalamu 50 mpaka 60 a zomanga thupi patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye nsima ndi masamba sizingafikitse, kondowole ndiye chepetsanitu chiyembekezo. Sinjani usipa wouma n'kuthira m'ndiwo, ikani nsinjiro kapena ufa wa soya m'phala, nyemba ziphikidwe mpaka kufewa, chambiko chikapezeka apatseni. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye kuchipatala.

Uzani achibale abweretse mankhwala onse m'jumbo imodzi, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba. Akafika mitundu isanu, tiyenera kuwaunikanso. Diazepam ndi amitriptyline amabweretsa tulo ndi chizungulire, glibenclamide ya odwala shuga imatha kutsitsa shuga kwambiri ngati agogo sakudya. BP iyezedwe atagona, kenako ataimirira mkati mwa mphindi zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20, kugwa kuli pafupi. Koma asasiye okha mankhwala.

Ndipo ichi ndikupemphani muchifalitse m'makomo. Agogo ofooka akadwala chibayo, malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo, nthawi zina thupi silitentha n'komwe. Amangosokonezeka mwadzidzidzi, kulankhula zosamveka, kutuluka panja usiku, kapena kungoti zii osadya. Apa m'pamene anthu amayamba kunong'onezana za ufiti, pomwe mayi wathuyo akudwala matenda ochizika. Dzulo anali bwino, lero sakuzindikira mdzukulu: apite kuchipatala tsiku lomwelo, buku ndi jumbo ya mankhwala zili m'manja.