Mtedza wooneka bwino koma ku labu aukana

Wogula wa kopaletivi: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Tinatumiza masampulo awiri ku labu, loti (gulu la matumba) yoyamba ndi mtedza wa mtundu wa CG7 wofiira psuu, wosaola ngakhale pang'ono, koma akuti afulatokisini, poizoni wochokera ku chuku, wakwera ndipo wogula wathu waukana. Loti yachiwiri ija munali njere zina zachuku zooneka ndi maso koma yadutsa. Alimi akuti tawadyera masuku pamutu, ine ndiwauza chani?

Mlangizi: Achimwene, kumene kwachokera loti yoyambayo mvula inadula liti? Komanso afunseni bwino anaswa bwanji mtedzawo

Wogula wa kopaletivi: Inadula mtedza usanakhwime, munda wake ndi wamchenga. Zakuswazo ndafunsa, mayi wina waulula kuti amawaza madzi madzulo kuti makoko afewe, mmawa nkuswa nkuthira mthumba

Mlangizi: Eee ndiye basitu

Mayi a ku labu: Ndiloweko pang'ono. Chuku chimene mumaona ndi maso ndi thupi la fangasi, poizoni ndi china, ndipo sikuti chuku chilichonse chimapanga afulatokisini ayi. Opanga ake kwenikweni ndi Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus. Fangasiyu amagwira ntchito ndi ma enzyme, tinthu timene amapanga yekha kuti tizimugwirira ntchito, ena amasungunula khungu la njere kuti alowe, ena amaphwanya mafuta a mtedza kuti adye akule, ndiye pali gulu lina lapadera lopanga poizoniyo sitepe ndi sitepe ngati anthu opatsirana njerwa pomanga. Mmodzi mwa oyambitsa mzerewo ndi polyketide synthase, ndipo pali jini ina (kachidutswa ka malangizo achibadwa a fangasi) dzina lake aflR imene ili ngati switchi, ikapanda kuyaka gulu lonselo limangokhala phee ngakhale fangasi akukula.

Chimayatsa switchiyo ndi nyengo. Kutentha kwa madigiri 28 mpaka 30 poizoni amapangidwa kwambiri, koma pa 37 fangasi amakula bwinobwino poizoni nkukhala wochepa. Mtedza wopsa ndi ng'amba kumapeto umafooka, fangasi amalowa udakali pansi pomwe osaonekera kunja, ndiye mukauwazanso madzi nkuutsekera mthumba mwangomupatsa chinyezi choti apitirize ntchito.

Wogula wa kopaletivi: Mayi mwanditsegula mmaso. Nanga tikaukazinga?

Mayi a ku labu: Moto wapachiwaya umapha fangasi koma poizoni wambiri amatsala. Ndipo musaiwale, zimenezi sizifalikira mofanana mthumba, njere zochepa chabe zitha kuipitsa zotsatira za loti yonse, nchifukwa chake sampulo yongotapa pakamwa pa thumba limodzi ine sindiikhulupirira, kaya yadutsa kaya yagwa. Yachiwiri ijanso musaidalire kwambiri

Mkulu wa nkhokwe: Ogula musawade. Ku European Union mtedza wodya anthu malire a afulatokisini ndi 4 ppb basi, kutanthauza magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Nkhani yonseyi inatulukira mu 1960 ku England nkhukutembo pafupifupi 100,000 zitafa ndi chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil, ndipo ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira ndi chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Chiwindi ndi chimene chimavulala

Mlangizi: Chaka chamawa muwauze adzale ndi mvula yoyamba, amange mizere ya mabokosi isunge madzi, akakumba aumitse pa Mandela koko (mulu wozungulira wosiya mpata wa mpweya pakati) osati kumwaza padothi. Mukapeza Aflasafe athire 10 kg pa hekitala, masabata 2 kapena 3 maluwa asanayambe

Wogula wa kopaletivi: Aflasafe yo si mankhwala opha chuku?

Mayi a ku labu: Ayi, ndi Aspergillus flavus yemweyo koma mitundu yake yosapanga poizoni chifukwa majini a ma enzyme aja ndi operewera kapena owonongeka. Amafika msanga mmunda nkulanda malo a anzake oipa aja. Anakonza ndi a IITA, bungwe lofufuza za ulimi

Wogula wa kopaletivi: Chabwino, Lolemba tikhuthula matumba onse tisankhe ndi manja, mphwephwa, zosweka ndi zobooledwa ndi chiswe zichoke, tiyanikenso kenako titape sampulo thumba lililonse pansi pakati ndi pamwamba

Mkulu wa nkhokwe: Zosankhidwazo muziyang'anire achimwene, kwathu kuno zinkathera ku nsinjiro ndi chiponde cha ana chifukwa amati nzotchipa. Zisatuluke pa geti