Kodi mapulogalamu a pa foni angathandize kupewa mutu waching'alang'ala?

Nachisale, Area 25:
Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndakhala ndikuvutika ndi mutu waching'alang'ala kwa zaka 6. Umandigwira mbali ya kumanzere, umabwera ndi nseru, ndipo ukafika pachimake, kuwala kwa dzuwa ndi phokoso la ana m'kalasi zimandizunza moti ndimangofuna kukagona m'chipinda chamdima. Pa mwezi umandigwira masiku 5 kapena 6, makamaka kukatentha mu Okutobala. Achemwali anga amene ali ku Johannesburg andiuza kuti kunabwera mapulogalamu a pa foni ndi tizipangizo tomata pathupi toletsa mutuwu kubwera pafupipafupi. Kodi zimenezi ndi zoona, ndipo zingatheke kwa ife a ku Lilongwe kuno? Panado ndatopa naye.

Bambo Mbewe, Likuni:
Pepani kwambiri amayi. Zimene anena achemwali anuwo ndi zoona, koma zinthuzi zili m'magulu awiri. Pali tizipangizo timene timatumiza timphamvu tochepa ta magetsi ku mitsempha. Cefaly, yochokera ku Belgium, imamatidwa pamphumi kwa mphindi 20 tsiku lililonse, pomwe Nerivio, ya kampani ya Theranica ya ku Israel, imamangidwa pamkono pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo munthu amayendetsa mphamvu yake pa foni kwa mphindi 45. Gulu lachiwiri ndi pulogalamu yokha popanda kachipangizo. Mu 2025 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linavomereza CT-132 ya kampani ya Click Therapeutics kuti izithandiza akuluakulu amene mutuwu umawagwira mwa apo ndi apo, ndipo imaperekedwa ndi dokotala kuti iziyendera limodzi ndi mankhwala, osati kulowa m'malo mwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ndalama. Tizipangizoti timagulidwa ndi madola, zomatira za Cefaly zimafunika kusinthidwa, ndipo Nerivio imatha ikagwira ntchito kangapo, kenako munthu agulenso ina. Pa malipiro a mphunzitsi, ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, sindingakulimbikitseni kuyambira pamenepo. Dziwaninso kuti ngakhale kwa amene zawathandiza, zimangochepetsa masiku odwala, sizichotseratu matendawa.

Nabanda, Kawale:
Achemwali, ine ndinayamba ndi chinthu chaulere. Ndinaika Migraine Buddy pa foni yanga, ndipo mutu ukayamba ndimalembamo nthawi imene wayambira, zimene ndadya, mmene ndinagonera ndi mankhwala amene ndamwa. Patatha miyezi itatu ndinaona poyera kuti umandigwira ndikayandikira kusamba, komanso masiku amene ndachoka m'mawa osadya kanthu n'kukhala tsiku lonse pa msika wa Tsoka osamwa madzi. Pulogalamuyi si mankhwala, koma inandionetsa chinthu chimene sindinkachiganizira n'komwe: mwezi wina ndinamwa panado ndi bulufeni masiku 17. Nditaonetsa adokotala zimenezi anandiuza kuti kumwa mankhwala oletsa ululu ngati amenewa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kumayambitsa mutu wina wapadera. Anandipatsa amitriptyline woti ndizimwa usiku, ndipo ngakhale ankandigonetsa kwambiri masabata oyamba, tsopano ndimadwala masiku awiri kapena atatu okha. Pulogalamuyi ili m'Chingerezi, koma kwa inu aphunzitsi limenelo si vuto.

Bambo Kamanga, Area 18:
Ndikugwirizana ndi a Nabanda kuti zolembazo mupite nazo kuchipatala, chifukwa masiku 5 kapena 6 pa mwezi ndi okwanira kuti dokotala aganizire zokupatsani mankhwala opewera. Propranolol nayenso amagwiritsidwa ntchito, koma sayenera kwa munthu wa mphumu, choncho musagule nokha ku famase. Akakupimeninso kuthamanga kwa magazi. Ndipo mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo, kapena ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena kufooka mbali imodzi, foni muisiye, thamangirani ku Kamuzu Central.

Nachisale, Area 25:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawerengera mapilisi amene ndamwa mwezi uno ndipo mtima wanga wagunda, chifukwa afika masiku 13 mwezi usanathe. Pulogalamu ija ndaiika kale. A Nabanda, kodi munadikira miyezi itatu yonse musanapite kwa adokotala, kapena ndingapite ndi zolemba za mwezi umodzi?