Kusukusula kawiri: tiziwauza makasitomala onse kapena ena okha?

Nabanda, Kasungu boma: Anzanga a masaluni, tithandizane nzeru. Makasitomala akubwera ataona pa TikTok zoti nkhope izitsukidwa kawiri, koyamba ndi mafuta kenako ndi sopo wa kumaso, zomwe akuti double cleansing. Ena chiyambireni ziphuphu zachuluka, ena khungu lauma mpaka kutuwa. Tiziwalangiza chiyani? Nanga pa facial, pomwe timatsuka ndi kusamalira nkhope ya kasitomala mu saluni, tizichita kwa aliyense?

Naphiri, Nkhamenya: Asisi, muyambe mwamufunsa munthuyo kuti wadzola chiyani tsikulo. Mafuta amasungunula mafuta anzake, ntchito yake ndi imeneyo basi. Foundation yokhalitsa, mascara ndi lipstick zosachoka ndi madzi, sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) yosachoka ndi thukuta, zonsezi sopo yekha amazisiya. Apo kutsuka kawiri n'koyenera, ndipo ndi madzulo okha. Amene wangodzola losheni n'kukhala pafumbi tsiku lonse, fumbi ndi thukuta zimachoka ndi kutsuka kamodzi. M'mawa palibe chosungunula, ndiye madzi ofunda kapena sopo wofewa pang'ono zakwana. Njirayi inatchuka ku Japan ndi ku Korea pakati pa anthu odzola zinthu zingapo zosanjikiza tsiku lililonse. Mayi amene sadziwa n'komwe mekapu sitingamugulitse mabotolo awiri.

Achimwene Mwale, Chinkhoma: Ziphuphuzo nthawi zambiri zimabwera chifukwa cha kachitidwe kake. Manja akhale ouma, nkhope ikhale youma. Thirani mafuta osapitirira theka la supuni yaing'ono m'dzanja, sisitani ndi nsonga za zala mozungulira kwa mphindi imodzi, makamaka m'mbali mwa mphuno, pachibwano ndi pomwe payambira tsitsi. Kenako nyowetsani zala n'kusisitanso. Cleansing oil weniweni, mafuta opangidwira kutsuka nkhope, amasanduka woyera ngati mkaka akakumana ndi madzi, chifukwa ali ndi emulsifier yomwe imalumikiza mafuta ndi madzi, ndipo ndi pamene amachoka. Ambiri amadumpha pamenepa, amangothira madzi mothamanga, mafuta n'kutsalira limodzi ndi litsiro lomwe asungunula. Mukatsukuluza, bwerani ndi sopo wa kumaso wochuluka ngati njere ya chimanga, masekondi 30 mpaka 60, tsukuluzaninso, pukutani mogundagunda ndi tawulo yoyera, ndipo dzolani moisturiser khungu lisanaumiretu.

Nabanda, Kasungu boma: Nanga amene sangakwanitse kugula cleansing oil, akugwiritsa ntchito mafuta a kokonati kapena Vaseline?

Achimwene Mwale, Chinkhoma: Amenewo alibe emulsifier, choncho madzi okha sangawachotse. A kokonati amatseka timabowo ta pakhungu kwa anthu ambiri a nkhope ya mafuta, musawalangize. A mpendadzuwa ndi opepukirapo, koma akhale atsopano m'kabotolo kawokawo, ndipo apukutidwe ndi kansalu kofewa konyowetsa m'madzi ofunda sopo asanabwere. Kansaluko kachapidwe tsiku lililonse. Vaseline amachotsa bwino lipstick ndi mascara, koma pankhope ponse amavuta kutsukuluza. Micellar water, madzi ogula ochotsera mekapu, pa thonje ndi njira ina yabwino kwa a ziphuphu.

Mayi Nkhoma, Mtunthama: Ana anga, za kuuma kuja musaiwale sopo wachiwiriyo. Khungu lili ndi pH (muyeso wa asidi, nambala ikakwera asidi wachepa) ya pafupifupi 5, pamene sopo wamba wosambira kapena wochapira amafika 9 mpaka 10. Munthu akachotsa mafuta a khungu ndi cleansing oil kenako n'kubwera ndi sopo wochapira zovala, nkhope imakokana, imayabwa, losheni akadzola imawawa. Chitetezo cha pamwamba pa khungu chaphwanyika pamenepo. Anthu amasangalala akamva nkhope ikulira kwii pansi pa chala, akuti yayera, chonsecho yapserera. Onjezani madzi a mijigo ina kuno, amchere aja osachititsa thovu: sopo amasiya zoyera zomatirira pakhungu, ndipo kutsuka kawiri ndiye kuwirikiza vutolo. Madzi otere awiritsidwe kaye n'kuzizira, zoyera zina zimatsalira pansi pa poto, kapena asankhe cleanser yopanda sopo. Mu June ndi July, mphepo yozizira ikamathethetsa milomo, a khungu louma achepetse kutsuka ndithu. Mu October, thukuta likachuluka, azingotsukuluza ndi madzi masana, osabwereza sopo.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi. Kasitomala wodzola mafuta oyeretsa khungu, maka okhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid monga clobetasol kapena betamethasone, khungu lake limapyapyala, m'masaya mumafiira, timitsempha timaonekera. Ameneyo musamusisite ndi kansalu, musamupake scrub, musamuike pa steam. Mutsukeni kamodzi mofewa, mumuuze mwachikondi kuti apite kuchipatala, chifukwa kusiya steroid mwadzidzidzi kumabukitsa zidzolo.

Naphiri, Nkhamenya: Zoona amayi. Ndiwonjezere abale athu achialubino. Iwo amadzola sunscreen yoteteza kwambiri ya SPF 50 mobwereza maola awiri alionse akakhala padzuwa, ndiye pofika madzulo yasanjikizana ndi fumbi. Mafuta opepuka opanda fungo amaichotsa popanda kukhula khungu, lomwe mwina lapsa kale ndi dzuwa. Pakhungu pali bala kapena chilonda chosapola, saluni si malo ake, apite akapimidwe.

Nabanda, Kasungu boma: Ndamva. Ndiye pa akwati ndi anthu a mekapu yolemera tizichita kawiri, ena kamodzi.

Achimwene Mwale, Chinkhoma: Eya, koma kwa mkwati muyang'ane m'maso kaye. Ngati wamata ma lashes, titsitsi tochita kuikirira m'zikope, oti akhale masabata, mafuta amafooketsa guluu wake ndipo amayamba kuthothoka. Kuzungulira maso gwiritsani micellar water yopanda mafuta pa kamtengo ka thonje, mafuta ayambire pamasaya kutsika. Komanso musamuyambitse cleanser yatsopano sabata ya ukwati. Ayese kaye kuseri kwa khutu masiku awiri kapena atatu, kukadali milungu iwiri.